Utoto m'Zikhadabo

Azakhali anali atavala nsapato imodzi pamene mlongo wawo anatulukira kuseri kwa migolo, manja akudontha madzi, n'kuima pakhomo mozengereza ngati wadzabwereka mchere.

"Achemwali, chilichonse chimene akakuuzeni kuchipatalako, kuno mudzangoti panalibe chochita," anatero motsitsa mawu. "Akamva zina, mayi ake amutenga, ndipo sadzabweranso."

Ankanena za mkazi wake. Chiikireni mwana wawo m'manda, mkaziyo sanalankhulepo ndi munthu wa m'nyumbamo. Ankadya akapatsidwa, ankasamba akauzidwa, basi. Mayi ake anabwera ku maliro ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu, ndipo anthu ena onse atabalalika iwo anatsala, chikwamacho chili yasa pakona, kudikira zovala za mwana wawo. Dokotala amene analimbana ndi khandalo tsiku lomaliza anali atapempha kuti wina wa pabanjapo adzabwere, adzamve bwinobwino chimene chinachitika. Bambo wa mwanayo anati miyendo yake singadutsenso pageti paja. Mayi wa mwanayo sanayankhe n'komwe. Choncho ulendo unagwera Azakhali, monga zinkawagwerera zonse za pakhomopo.

Anauza mlongo wawoyo kuti apukute manja, akunyowetsa simenti. Sanavomere, sanakane. Anavala nsapato inayo n'kutuluka.

Dzina loti Azakhali linali lawo kalekale mwanayo asanabadwe, ndipo ngakhale makasitomala aimvi ankawaitana choncho. Ntchito yawo inali yonyika nsalu mu utoto, kuseri kwa nyumba, komwe kunali migolo yodula pakati, ndodo zotakasira ndi zingwe zoyanikapo zopingasana bwalo lonse. Mlongo wawo anamulera okha n'kumuphunzitsa ntchitoyo, ndipo atakwatira anaphunzitsanso mlamu wawo. Utoto umene unkayenda malonda unali wa buluu: nsalu za yunifolomu, maovololo a amakaniko, makatani a m'maofesi. Magolovesi ankang'ambika msanga ndipo palibe ankawakonda, motero aliyense pakhomopo anali ndi zikhadabo za buluu chaka chonse. Buluu anali pa zogwirira za makapu, pa sopo, pa swichi ya magetsi. Mphaka naye anali ndi phazi limodzi la buluu ndipo palibe ankadziwa kuti analitenga liti.

Mwanayo anamupatsa dzina loti Kapitawo chifukwa ankayang'ana anthu akugwira ntchito atakwinya nkhope, ngati wapeza cholakwika koma akusunga kuti adzanene pamapeto pa mwezi. Atabadwa, namwino anamva kaphokoso mumtima mwake. Anawauza kuti pali kabowo pakati pa zipinda ziwiri za mtima, kuti mabowo otere ambiri amatsekeka okha, koma akadzaona milomo kapena zikhadabo zikusintha mtundu, kapena akutopa poyamwa, abwere naye msanga. Azakhali analipo tsikulo. Anamva ndi makutu awo.

Kapitawo atayamba kukhala pansi, mlamu anabwera naye ku migolo m'mawa wina n'kutambasula kadzanja kake. Tizikhadabo tinali tabuluu. Azakhali anaseka, anasiya ndodo n'kumuonetsa manja awo onse awiri, n'kumufunsa kuti m'nyumba muno ndani alibe zimenezi. Mwana amanyamulidwa ndi aliyense, amayamwa chala cha aliyense, akufuna zikhadabo zake zikhale zoyera ngati za mlembi wa kubanki? Anadula ndimu, anamupukuta tizala timodzitimodzi mwanayo akukwinya nkhope, n'kumubwezera kwa mayi ake. Sabata imeneyo anali ndi oda yaikulu ya sukulu ina, ndipo tsiku la kuchipatala ndi tsiku lathunthu pamzere. Mlamu anabweranso ulendo wina kudzanena za milomo. Azakhali anati iye ndi mayi wa mwana woyamba, ndipo mayi wa mwana woyamba amathamangira kuchipatala ngakhale mwana atangoyetsemula. Ulendo wachitatu sunakhalepo. M'mawa wina Kapitawo analira, kulira kwa masiku onse kofuna bere, kenako mpweya unamuthera ndipo sunabwerere msanga. Anafika naye kuchipatala ali lende. Anamujambula mtima, anayamba kukonza za opaleshoni, koma sanafikeko.

Ofesi ya dokotala inali kachipinda kopanikiza, kokhala ndi sinki, mipando iwiri ndi zenera losatseguka. Dokotalayo anali mtsikana woti Azakhali akanatha kumubereka. Anawapepesa, anawafunsa za makolo a mwanayo, kenako anatenga pashelefu mtima wa pulasitiki wotseguka ngati chitini. Azakhali anakhala chowongoka, manja atawabisa pansi pa chikwama chawo pamiyendo.

Dokotala analoza chipinda cha kumanja cha m'munsi. Anati ntchito yake ndi kukankhira magazi ku mapapo kuti akatenge mpweya, ndipo chimayenera kukhala chipinda chimodzi chopanda chotchinga. Koma mwa ana ena obadwa ndi bowo, mumamera timitolo ta minofu pamalo polakwika, topingasa chipindacho ngati zingwe. Mwana akabadwa timakhala tating'ono, mwina osaoneka n'komwe pojambula. Akamakula, nato timanenepa, mpaka chipindacho chimagawika pawiri n'kutsala kanjira kochepa. Magazi akasowa podzera amathawira pabowo paja n'kupita m'thupi asanatenge mpweya. Ndiye mtundu uja wa milomo ndi zikhadabo. Mwana akalira, minofuyo imafinyika kwambiri, kanjirako n'kutsekeratu.

Azakhali sanavutike kumva. Anali atamanga nsalu zambirimbiri ndi ulusi kuti utoto usalowe pamalo ena, ndipo ankadziwa kuti ukamanga mothina, pakatipo pamatuluka pouma. Anafunsa ngati nthunzi ya utoto ndi imene inamupanga zimenezi ali m'mimba, popeza mayi ake anagwira ntchito mpaka miyezi yomaliza. Dokotala anati ayi, palibe chosonyeza zimenezo. Ana otere amabadwa kwa aphunzitsi, kwa alimi, kwa madokotala amene, ndipo kawirikawiri chifukwa chake sichidziwika.

Kenako Azakhali anafunsa funso limene anadzera. Dokotala anayamba kunena kuti zinthu izi n'zovuta, kuti mwana aliyense ndi wosiyana ndi mnzake, kuti banja lisadziimbe mlandu.

"Mwanangu, ndakwera mabasi awiri," anatero Azakhali. "Musandizungulitse. Tikanabwera naye atangoyamba kusintha, akanakhala moyo?"

Dokotala anatseka mtima wa pulasitiki uja n'kuuika patebulo.

"Minofu imeneyo timaidula, bowolo n'kulitseka. Ana ambiri amachira n'kukula bwinobwino. Sindingalumbire, koma mwayi unalipo, waukulu ndithu."

Dokotalayo anafunsa kuti kusinthako kunayamba liti, ndipo ngati panali amene anakuona. Azakhali anatulutsa manja awo pansi pa chikwama n'kuwaika patebulo, pafupi ndi mtima uja. Dokotala anawayang'ana kanthawi. Anafunsa ntchito yawo, anamuuza. Anati pakhungu lakuda mtundu umenewu umavuta kuona, ngakhale a m'chipatala amene nthawi zina umawaphonya.

"Mayi ake sunawaphonye," anatero Azakhali. Anathokoza n'kunyamuka, dokotala asanapeze mawu ena okoma.

M'basi anakhala pazenera n'kumayeseza mawu a mlongo wawo. Panalibe chochita. Anali mawu aafupi, osavuta kunyamula, ndipo aliyense pa maliro anali atawanena kale: abusa, anzawo a pamsika, ngakhale mayi wa pafupi amene sankayankhulana naye chifukwa cha madzi a utoto olowa m'dimba mwake. Kungowonjezera kuti adokotala nawo atero, nkhani yatha. Mlamu angapume, mlongo wawo angakhale ndi mkazi, chikwama chija chingabwerere chopanda kanthu. Anayeseza kachiwiri, kachitatu, ndipo ulendo uliwonse mawuwo ankakoma kuposa poyamba. Kukomako ndi kumene kunawakayikitsa. Moyo wawo wonse, kasitomala akayamikira nsalu asanaitambasule, iwo ankadziwa kuti pali chimene akufuna. Bodzali linkafunditsa mlamu, inde, koma mbali yaikulu ya bulangetilo inali kwa iwo. Mayi wina amene anakhala nawo mpando umodzi anali ndi khanda pamiyendo, ndipo Azakhali anadzipeza akuliyang'ana zikhadabo mpaka mayiyo analitembenuzira kwina.

Anafika dzuwa litapendeka. Mayi ake a mlamu anali pakhonde, nsapato kuphazi, chikwama chija chili pambali pawo, tsopano chotupa ndi chotseka. Mlongo wawo anali ataima chapatali akukanda khoma ndi chala.

"Mwabwerako kwa anzeru," anatero mayiwo. "Nenani msanga, ife basi itisiya. Mwana wanga ndinamupereka kuno ali ndi manja oyera, ndikumutenga ali ngati wagwa m'botolo la inki."

Azakhali anawayankha kuti manja amenewo ndi amene anawagulira nsapato avalazo, ndipo anafunsa kumene kunali mlamu. Mlongo wawo analoza kuseri ndi mutu, n'kuwayang'ana ndi maso opempha.

Mlamu anali pa mgolo womaliza, atavala diresi la paulendo, manja ake atawapinda mpaka m'zigongono. Mumgolomo munali nsalu zimene anazinyika m'mawa wa tsiku limene anathamangira ndi Kapitawo kuchipatala, ndipo palibe anazikumbukiranso. Zinali zitakhalitsa m'madzi, zitachita mawangamawanga, zikununkha. Iye ankazitulutsa imodziimodzi n'kumazitsukuluza m'beseni. Azakhali anaima kumbuyo kwake n'kupeza kuti sakudziwa momuitanira. Chichitikireni maliro, onse ankangoti iwe, kapena mlamu, kapena osatchula kanthu.

"Make Kapitawo."

Manja aja anaima m'madzi.

Azakhali anayamba ndi zosavuta. Anafotokoza za chipinda cha kumanja, za timitolo ta minofu tonenepa mwana akamakula, za kanjira kotsala. Anati utoto sunamupweteke ali m'mimba, anabadwa nazo, ndipo adokotala anenetsa zimenezo. Mlongo wawo, amene anali atawatsatira mpaka pa chingwe choyamba, ankagwedeza mutu pa mawu aliwonse ngati ali m'tchalitchi. Mlamu anamvetsera osatembenuka. Atamaliza, anafinya nsalu imene inali m'manja mwake, n'kuyankhula kwa nthawi yoyamba, mawu ali osasa chifukwa chokhalitsa osagwira ntchito.

"Tikanapita tsiku limene ndinakuonetsani zala lija?"

Mawu a m'basi aja anali pomwepo, okonzeka, pamwamba pa lilime. Azakhali anayang'ana msana wa mtsikanayo, mafupa a m'mapewa akuonekera m'diresi.

"Akanamuchita opaleshoni. Akuti ambiri amachira."

"Achemwali," anatero mlongo wawo.

"Iwe, pita ukakhale ndi apongozi ako."

Sanapite. Azakhali anapitiriza mwachidule, mmene ankauzira kasitomala kuti nsalu yake yapsa. Anati namwino anachenjeza iwo ali pomwepo, mlamu anaona n'kunena kawiri konse, ndipo amene anatenga ndimu ndi iwo. Anati akafuna kupita ndi mayi ake apite, palibe angamunene, koma mlandu asaunyamule, ndi katundu wa eni ake.

Mlamu anatembenuka. Nkhope yake inali youma, ndipo Azakhali anaona kuti bola akanalira.

"Alamu, simunanditsekere chitseko. Basi ndimaidziwa pokwerera."

Ananena zotsalazo akuyang'ana m'beseni. Anati atauzidwa kuti ndi utoto, anayesa yekha mwakachetechete. Anavala magolovesi, anamusunga mwanayo m'nyumba, sanalole kuti ayamwe chala cha munthu. Zikhadabo sizinayere. Anamutsegula kukamwa n'kuona usinini ndi kunsi kwa lilime. Ndipo anaonanso kuti akalira mtunduwo unkada, akagona unkachepa.

"Utoto suchoka munthu akagona. Inu mukudziwa, ine ndikudziwa."

Anati ankaopa mpeni. Sankafuna n'komwe kuganiza kachifuwa kaja katang'ambidwa pa opaleshoni. Ndiye Azakhali atanena kuti ndi utoto, mtima wake unakhala pansi, ndipo ulendo wachiwiri uja sanabwere kudzapempha chilolezo chopita kuchipatala, anabwera kudzamvanso mawu omwewo. Chichokereni kumanda aliyense ankamuuza kuti panalibe chochita, mwamuna wake, mayi ake, anthu oti mwanayo sanamunyamulepo. Aliyense akatero, iye ankaona ngati ali yekha m'nyumba ya anthu ogontha, kapena wapenga ndi iyeyo. Akanayankha chiyani? N'chifukwa chake anangotseka pakamwa, n'kulola mayi ake alongedze.

Mwamuna wake anakhala pansi pa chidebe chovundikira, n'kubisa nkhope m'manja. Patapita kanthawi ananena, mawu akutulukira m'zala, kuti nayenso ankamva mmene mwanayo ankapumira akamunyamula pachifuwa, ndipo ankangomupereka kwa wina.

Azakhali sanali munthu wokumbatira anthu, ndipo sanayambe tsiku limenelo. Anavula nsapato za paulendo n'kuziika pa njerwa, anamanga chitenje pamwamba pa diresi, anatulutsa nsalu ina mumgolo n'kuiyang'anitsa kudzuwa. Anati zonsezi zawonongeka, ziyenera kuchapidwa, kuuma, n'kunyikidwanso mwakuda kuti mawanga abisike, ndipo mwini wake adzalankhula mpaka malovu kuuma. Kenako, osamuyang'ana, anafunsa ngati akupita.

Mlamu anapukuta manja m'diresi la paulendo lija, n'kusiyamo zidindo ziwiri za buluu. Anaziyang'ana. Anapita kukhonde, ndipo Azakhali anamva mawu a mayi ake akukwera, kufunsa kuti amudyetsa chiyani anthu amenewa, kenako akutsika, kenako zipi ya chikwama ikutseguka. Atabwerera anauza mwamuna wake kuti adzuke awaperekeze amayi ku basi, ndipo awauze kuti iye adzabwera kudzawaona yekha, wopanda chikwama. Mwamunayo ananyamuka mofulumira ngati akuopa kuti mawuwo angabwezedwe.

Anatsala awiri. Sanakhululukirane, chifukwa panalibe amene anali ndi chikhululuko choti n'kupatsa mnzake. Anatsukuluza nsalu, anasintha madzi, anatsukuluzanso. Itafika nsalu yaitali ya makatani, imene munthu mmodzi sangaithe, mlamu anagwira mbali ina, Azakhali mbali inayo, anaipotokola mpaka madzi anasiya kudontha, n'kubwerera m'mbuyo kuti itambasuke.

Anaikweza m'mwamba kuti aikutumule, ndipo onse awiri anaima pomwepo, mikono ili m'mwamba, masaya atafufuma, maso atatong'oka. Palibe anauza mnzake. Kapitawo ankakonda kudikirako kuposa phokoso lenilenilo. Ankayamba kuseka nsalu isanatsike, mapewa akugwedezeka, ndipo munthu akafulumira ankakalipa. Anadikira mpaka mikono inayamba kuwawa, kenako anaitsitsa, phwaa, timadontho tikuwaza kumaso.

Bwalo linali zii. Azakhali anayamba kuyenda kupita ku chingwe, koma nsalu inakana. Mlamu anali asanasunthe.

"Sankalola kamodzi," anatero.

Azakhali anabwerera pamalo pawo, anagwiritsa ngodya zawo, n'kukwezanso mikono.